Pule ya Tcheyamani

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, fumbi la mumgodi litawagoneka bambo. Ananditenga wapansi kuchokera kwathu ku Makululu mpaka ku kafakitale kosungunula zitsulo, n'kundipereka kwa Ba Tembo, kapitawo wa kumeneko. Pakhomo pathu odya anali ambiri, wolandira malipiro ndinali ine ndekha.

Tinkathira chitsulo chosungunuka m'zikombole za mchenga, kupanga mapule a zigayo, mawilo aja oyendetsa lamba. Chitsulo chotere chikangochoka mumchenga chimakhala chouma gwa, chosachedwa kusweka ngati mbale yadothi. Ndiye tinkachibwezera m'ng'anjo mpaka chifiire, n'kutseka chitseko, kumata dothi m'mbali, kuti chizizire chokha pang'onopang'ono mpaka mawa lake. Kenako tinkachiyesa ndi tupa. Ikaluma ndiye kuti chafewa, chipite pa makina osemera. Ikaterereka, chibwerere kumoto.

Tsiku lina kunabwera tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu, yemwenso anali mwini chigayo. Pule yake inali ikadali psuu m'ng'anjo.

"Nifuna lelo, Ba Tembo, osati mailo," anatero, kukana kudikira mpaka mawa. "Kapena imwe simufuna kuti bantu badye?"

Masiku amenewo funso lotero silinkayankhidwa. Ba Tembo, omwe aja ankandilalatira tsiku ndi tsiku kuti chitsulo sachifulumizitsa, anagumula dothi lija ndi manja awo. Tinaikoka puleyo ndi mbaniro, tinaithira madzi, inalira ngati nkhumba. Nditayesa tupa, inaterereka. Ba Tembo anaona. Anacheukira tcheyamani amene anali tsonga pampando pakhomo, n'kundiuza chapansipansi: "Ika chabe, mwana wanga. Uzisema pang'ono pang'ono."

Ndinaimanga pa makina. Mpeni wa makinawo utangokhudza, ndinangomva phwaa! Chibenthu chinandilowa m'diso lakumanja.

Potuluka m'chipatala ndinapeza pamalo panga ataikapo wina. Eni fakitale anati wa diso limodzi sangayeze chitsulo. Ba Tembo anandiperekeza mpaka pageti, maso ali pansi. Sindinawakwiyire, nawonso anali ndi ana. Bambo anamwalira chaka chomwecho, ine ndikutola zitsulo zakutha m'madzala kuti kunyumba adye. Tcheyamani anamupangira pule ina, ndipo imeneyo anaidikira bwinobwino mpaka inazizira.

Zimandiwawabe mpaka lero. Chimene ndinatolapo n'chakuti chitsulo sichiopa munthu wamkulu, koma chikasweka sichilasa amene analamula uja. Chimalasa amene waima pafupi.