Dzinja la Matayala Aakulu

Chiwongolero cha pikapu ya amalume chinali chokulungidwa ndi malegeni akuda, ndipo dzuwa likaomba chinkanunkha mphira wopsa. Galimotoyo inali yachikale, yoti pokhota inkadalira mikono ya mwini wake basi. Ankanyamulira nanazi ndi nthochi kuchokera kwathu cha ku Milonde kupita nazo ku Boma.

Chaka chimenecho amayi anali oyembekezera, abambo ali ku Joni. Kamsewu kofika pakhomo pathu kankatsetsereka pakati pa minda ya tiyi, dothi lake lofiira, loti mvula ikagwa ngakhale mbuzi inkaponda moganizira. Dzinja lina m'mbuyomo amayi anapita padera galimoto itatitimira m'kamsewu komweko. Pakhomo nkhaniyo sinkatchulidwa, koma aliyense wamkulu ankayang'ana mimba ya amayi kenako n'kuyang'ana kumwamba.

Mvula yoyamba isanagwe, amalume anawoloka malire n'kubwerako ndi matayala aakulu a zibumabuma, ochotsedwa ku galimoto ina yoyenda m'tchire. Pikapu ija inatalika tsiku limodzi. Pamsika anthu ankawaseka kuti aveka mwana nsapato za bambo ake, koma ine ndinkanyada koopsa. Ndinkalowetsa chala m'mipata ya tayala n'kumazula timiyala, ndipo anzanga akusukulu ndinkawauza kuti galimoto yathu ingathe kukwera phiri la Mulanje mpaka pamwamba.

Matayalawo ankaluma matope bwino, zoona. Koma chiwongolero chinauma gwa. Lero ndimayendetsa ndekha, ndipo ndikudziwa kuti tayala lalikulu limagwira nthaka malo aakulu, n'lolemeranso, ndiye galimoto yopanda chothandizira kukhota imakulipiritsa m'mapewa. Ikaima, chiwongolerocho sichinkasuntha n'komwe. Amalume ankayamba aigudubuza pang'ono, n'kumakoka ndi manja onse awiri, mitsempha ya m'khosi itatupa. Tayala likagunda mwala, chiwongolero chinkabwezera n'kuwamenya pachala.

Chinkandiseketsa n'chakuti akabwera ku Boma, kaya atope bwanji, sankatsika asanaitembenuze kuti iyang'ane kumsewu. Bwalo lathu linali laling'ono, uku mtengo wa mango, uku khola. Kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, thukuta kamukamu. Akatero amayi ankawathowa phewa ndi madzi otentha, uku akuwanena.

"Achimwene, mudzathyoka mikono chifukwa cha matama."

"Mikono imapola, mlongo," ankayankha choncho nthawi zonse.

Amayi ankayenera kupita ku chidikiro kuchipatala, koma matenda anayamba kudakali mwezi wathunthu. Unali usana, mvumbi utagwira sabata yonse, phiri losaoneka. Amalume anali asanapite kumsika tsiku limenelo. Mayi a nyumba yoyandikana ndi yathu anakwera kumbuyo ndi beseni ndi zitenje, atafunda lona. Ine panalibe wondisiyira, ndiye anandikhazika pakati, amalume kumanja, amayi kuchitseko chakumanzere.

Ndimakumbukira fungo la nsalu zonyowa ndi nanazi wovunda. Amayi ankabuula m'Chilomwe, chilankhulo chimene ankachisungira mapemphero ndi mkwiyo. Nditatembenuka kuti ndiwaone, ndinaona chitenje chawo chitada chakumiyendo, ndipo ndinayamba kulira.

"Mphwanga, chiwongolerochi chandikanika ndekha," anatero amalume mofatsa. "Gwira apa. Maso kutsogolo, usachotse. Ndikati koka, uzikoka."

Ndinagwira ndi manja onse. Galimoto inkavina, kumbuyo kukufuna kupitirira kutsogolo, matope akuwaza pagalasi. Pamalo pokhota pamwamba pa chigwembe, pomwe madzi anali atadya msewu, anati koka, ndipo ndinakoka mpaka mano kuluma lilime. Matayala aja anakumba, anagwira, tinakhota. Ndinamva amalume akutulutsa mpweya ngati munthu wotula mtolo, koma anati ntchito ikadalipo, ndisayang'ane kumbali. Ndinakoka pa phula, ndinakoka ndi poongoka pomwe, mpaka pachipata cha chipatala.

Amayi anachira madzulo omwewo, mwana wamwamuna, wochepa ngati botolo koma wamawu. Ndi yemwe lero amandiposa msinkhu n'kumanditcha achemwali akafuna kanthu. Amalume anakhala masiku angapo akumwa tiyi ndi dzanja lamanzere, lamanja litakana kunyamuka.

Ine nkhani ndinaifalitsa mudzi wonse, mpaka aphunzitsi anandiimika kutsogolo kuti ndifotokozere kalasi. Ndinkati pakanapanda ineyo, galimoto ikanagwera m'chigwembe. Amalume akamva ankagwedeza mutu kuvomera, osaseka ngakhale pang'ono, ndipo ndimawakonda kwambiri chifukwa cha kusaseka kumeneko. Ndinali kamtsikana koti ndowa yamadzi sindinkatha kudzisenza ndekha. Sindinkadziwa kuti mikono yanga inkangowawonjezera kulemera pa chiwongolero cholemera kale, ndipo anaisenza dala njira yonse kuti ndisaone amayi anga akutaya magazi.