Nyemba za Apongozi ndi Nkhuni za M'phiri

Ine ndinaphunzirapo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa anthu a kwa Dzoole akamakamba nkhaniyi amakonda kuyambira pena. Ndinakhala chaka ndi theka kusukulu ya uphunzitsi kumishoni, mpaka tsiku lina ine ndi masamu ogawa tinagwirizana mwamtendere kuti aliyense ayende njira yake. Mzungu wamkulu wa sukuluyo anachitira umboni mgwirizanowo, nandiperekeza mpaka pachipata. Ndinachokako ndi sileti yobenthuka pangodya, jekete limodzi, ndi chizolowezi choyamba ndatsokomola ndisanayankhule.

Kwathu ndi ku Bowe, koma ndinakwatira kwa Dzoole, choncho ndinkakhala chikamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi linali la apongozi anga aakazi. Munda ndinkalima ndine, koma mawu onse anali kwa amalume a mkazi wanga, mlongo wawo wa apongoziwo, amene ankayang'anira mbumba yonse. Lamulo lalikulu la mkamwini masiku amenewo linali lakuti usaonane maso ndi maso ndi apongozi aakazi. Ukawaona akubwera panjira, umapatukira kutchire, iwo adutse. Malamulo khumi aja ndinkawasunga mwa apo ndi apo, koma ili lokha ndinkalisunga ndi thupi langa lonse.

Zinali zaka zimene fodya wa chikopa anali atangofika kumene m'mapiri mwathu. Fodya ameneyu sauma ndi dzuwa, amafuna utsi, ndipo chigafa chimodzi chimadya nkhuni zimene banja likanaphikira mpaka mvula igwe. Kumtunda kwa mudzi kunali phiri la misuku ndi mombo kumene amayi ankatola nkhuni. Patangopita nyengo ziwiri za fodya, tsinde la phirilo linayera ngati mutu wometa, ndipo amayi anayamba kuchoka m'mamawa n'kubwerako dzuwa lili paliwombo, mtolo wake wosakondweretsa.

Akulu a mpingo atatopa ndi madandaulo, anati alimi a fodya a mumpingo akhale ndi bungwe lawo, ndipo bungwelo likhale ndi mutu woweruza za nkhuni. Munthu wina amene anali atangobwera ku Halale anati kumeneko mutu wotero amautcha pulezidenti. Palibe anadziwa tanthauzo lake, n'chifukwa chake aliyense analikonda.

Anaimirira anthu awiri. Woyamba anali amalume aja. Mfundo yawo inali yaifupi: mitengo anaiika Mulungu kuti idulidwe, phiri litsegulidwe mpaka pamwamba. Wachiwiri anali mphunzitsi wokalamba wa sukulu ya m'mudzi, amene anati phiri lisiyidwire nkhuni zophikira, fodya tizifukiza ndi zitsononkho ndi zitsa za m'munda. Kasankhidwe kake kanali kotere: aliyense wodya mgonero alowetse dzanja mumtsuko wovindikira ndi nsalu. Wofuna amalume agwetsemo njere ya chimanga, wofuna mphunzitsi agwetsemo nyemba. Amayi nawonso analoledwa, pakuti akulu a mpingo anafunafuna vesi lowaletsa koma sanalipeze.

Kutatsala masiku asanu, amalume anandiitanitsa kuchigafa kwawo. Anati anali ndi maganizo oyenda khomo ndi khomo kwa alongo awo ndi adzukulu awo onse, kuwakumbutsa amene amawaweruzira milandu ndi kuwagawira minda. Koma miyendo inkawapweteka, ndiye anafuna adziwe kaye ngati ulendowo unali wofunika. Anati popeza khasu limandikana ndipo sukulu inandilavula, mwina ndingakhoze ntchito yofunsa anthu.

"Uyende mudzi wonse, iwe mkamwini, undiuze mmene mtsuko udzakhalire," anatero. "Ukandinamiza, mphasa yako ikagona ku Bowe."

Ndinatsokomola, n'kuwauza kuti ntchitoyo yagwera m'manja oyenera.

Ndinavala jekete, dzuwa likuswa mtengo, n'kunyamula sileti. Ndinailemba mzere pakati: kumanja chimanga, kumanzere nyemba. Amuna ndinawapeza mosavuta chifukwa onse anali m'zigafa zawo. Aliyense anandipatsa mpando, anandifunsa za ku Bowe, anayang'ana jekete, anakumbukira kuti ndine mkamwini wa yani, kenaka n'kunena kuti iye ndi wa chimanga chibadwire. Ndikafunsa za akazi awo, ankaseka, n'kunena kuti chimene dzanja la mwamuna lagwetsa, la mkazi limagwetsa chomwecho. Ndinkalemba timizere tiwiri. Mkulu wina anandipempha kuti ndilembenso kamzere ka malemu mkazi wake, poti akanakhala moyo sakanamutsutsa. Ndinakana. Maphunziro ali ndi malire ake.

Chimene chinandilemetsa sichinali kuyenda ayi, koma mantha a anthu. Sindinaonepo amuna aakuluakulu akuvutika chotero ndi kanthu kochepa ngati njere. Wina anandikokera kuseri kwa chigafa kundifunsa ngati mtsuko umazindikira dzanja la munthu. Wina anafuna kudziwa ngati a Boma adzauzidwa amene wagwetsa nyemba, ndipo ngati zimenezo zikhudza msonkho. Wina anati wakhala masiku atatu osadziwa choti agwetse, chifukwa amalume ndi amene anamupatsa dimba, koma mphunzitsi ndi amene akuphunzitsa ana ake. Ndipo onse, ndikamatsanzika, ankatsitsa mawu n'kundifunsa kuti kodi enawo anena chiyani. Ndikawaonetsa sileti, ankapuma mozama, n'kunena kuti nawonso ankaganiza choncho. Ndiye ine ndikufunsa iwo, iwo akufunsa ine, mudzi wonse ukuyang'ana sileti yobenthuka ngati yatsika kuphiri la Sinai.

Musaganize kuti amayi sindinawaganizire. Munthu wophunzira amafunsa mbali zonse. Lachitatu ndinapita kuchitsime, ndipo ndili chapatali ndinaona amayi ambiri ataunjikana, apongozi anga ali pakati. Ndinapatukira kutchire. Madzulo ake ndinamva misi ikulira kumtondo, ndinalunjika komweko, koma wogwira lichero anali apongozi. Ndinabwerera chambuyo. Lachinayi ndinakadikirira panjira yochokera kuphiri, poganiza kuti munthu wamkulu ngati iwo sangakwere kumeneko. Anatulukira ali patsogolo pa mzere wonse, kamtolo kali pamutu. Ndinadumphira m'thengo osayang'ana, ndipo thengo lake linali la chitedze. Tsiku limenelo ndinaphunzira zambiri za thupi la munthu kuposa chaka ndi theka cha kumishoni.

Ndinadabwa ndithu kuti mayi wokalamba angapezeke bwanji paliponse sabata imodzi. Koma ndinangoti ndi khama la anthu akale.

Anatsala mkazi wanga. Ndinamupeza akulimbana ndi chitsa chachiwisi chimene chinkangofuka osayaka, maso ali ofiira. Ndinakhala pampando, n'kumufotokozera kuti ndabwera osati ngati mwamuna wake koma ngati wofufuza. Anandiyang'ana, anayang'ana sileti, kenaka anandifunsa kuti mwa anthu onse ndalembawo, ndi angati amene anasenzapo mtolo kuchokera kuphiri. Ndinamuyankha kuti funsolo silili pasileti. Anati ndiye ndilembe chimene ndikufuna. Ndinamuika kumanja, pansi pa dzina langa, monga anachitira amuna anzanga onse. Sabata imeneyo ndiwo zinali nkhwani tsiku ndi tsiku. Nditafunsa kuti nyemba zija tinakolola zili kuti, anati zili ndi ntchito ina. Mawu amenewa anandikhala pamtima ngati mwala, koma sindinaone pamene ndingawalembe.

Lachisanu ndinapereka sileti kwa amalume. Kumanja kunali mbuu ndi choko, kumanzere kunali timizere towerengeka ndi zala za dzanja limodzi, ndipo kamodzi kanali ka mphunzitsi mwini wake. Amalume anaiyang'ana ataizondotsa, koma ngakhale chozondoka inkanena chimodzimodzi. Anati ngati zili choncho palibe chifukwa chovutitsira miyendo. Sanapite khomo lililonse. Anatulutsa nkhwangwa zawo zonse n'kuyamba kunola, ine ndikuthira madzi pamwala. Kulira kwa nkhwangwazo kunamveka mudzi wonse, ndipo ndikukhulupirira kuti ngati panali mayi amene anali asanaganize, anaganiza masana amenewo.

Loweruka m'mawa tinasonkhana m'tchalitchi chathu cha udzu. Mtsuko anauika kutsogolo, patsinde pa gome. Amuna analowa oyamba, aliyense akuyenda ngati akupita kukachotsedwa dzino. Ine ndinatchera khutu kuti mwina chimanga ndi nyemba zimagwa mosiyana. Zimagwa mofanana. Pakhomo amalume anali atandipatsa njere ya chimanga, koma nditapisa m'thumba la jekete ndinapezamonso nyemba imene sindinaiikemo ndine. Ndinaima pamtsukopo, dzanja lili m'kati, mpaka mkulu wa mpingo anatsokomola, ndipo chifuwa chake chinali chenicheni. Ndinagwetsa chimanga. Ndinali ndi sileti yoti ndiiteteze, ndiponso mphasa.

Kenaka anadzuka amayi. Sanazengereze ngati ife. Aliyense ankafika, kumasula kamfundo pangodya ya nsalu, kulowetsa dzanja, n'kubwerera pamalo pake nkhope ili phee. Nditaona mkazi wachitatu akumasula kamfundo kofanana ndi ka woyamba uja, ndinayamba kukumbukira njira ya ku Bowe, mitsinje yake ndi zitunda zake.

Atakhuthulira mtsuko palichero, panafiira. Chimanga chinalipo, inde, koma apa ndi apo ngati mano a nkhalamba. Ndipo nyembazo zinachuluka kuposa amayi amene anali m'tchalitchimo, kutanthauza kuti amuna ena amene anandipatsa mpando n'kulumbira kuti ndi a chimanga chibadwire anabadwanso kachiwiri pamtsukopo. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi. Onse anali otanganidwa ndi denga.

Masana amalume anafika pakhomo panga nkhwangwa ili paphewa. Sanakhale pansi. Anandiuza kuti ndipinde mphasa dzuwa lisanapendeke. Ndinayesa kuwafotokozera kuti siletiyo sinaname, inanena zoona za anthu amene inawafunsa, koma anati ndikafotokozere a ku Bowe. Ndinalowa m'nyumba, ndinapinda mphasa mwaulemu wake, ndinaikamo sileti, n'kutuluka. Mkazi wanga anali pakhonde akutong'ola chimanga, osatukula mutu. Zimenezo zinandipweteka kuposa chitedze.

Ndili pakati pa bwalo, kuseri kwa nkhokwe kunamveka mawu. Anali apongozi. Sakanayankhula ndi ine, choncho ankauza mwana wawo, mokweza kuti ndi nkhuku zomwe zimve.

"Uwauze amalume ako kuti nyumbayo ili padothi langa, ndipo mkamwini sachoka. Akanakhala wodziwa kuwerenga, bwenzi iwo atayenda khomo ndi khomo kutiopseza, theka la ife tikanagwetsa chimanga. Munthu wotere ngosunga. Ndiponso ine miyendo yanga yatupa ndi kupita kuchitsime kasanu patsiku kuti asapeze mkazi woti amufunse. Sindinavutikire munthu woti apite ku Bowe."

Ndinaima chilili, mphasa ili kukhwapa, nditatembenukira kumbali monga mwa lamulo. M'moyo wanga wonse palibe anandiyamikirapo maphunziro anga pagulu kupatula tsiku limenelo, ndipo sindinadziwe ngati ndithokoze kapena ndidandaule. Amalume anayamba kunena kuti mbumbayi mwini wake ndi iwo, koma atacheuka anaona kuti kuseri kwa nkhokweko sikunali mlongo wawo yekha. Mbumba yonse inali itaima pomwepo, manja ali m'chiuno. Anasuntha nkhwangwa kuiika paphewa linalo, nati ali ndi ntchito kuchigafa, n'kumapita.

Mkazi wanga anadzuka, anandilanda mphasa, anakaiyalanso pamalo pake. Potuluka anapisa m'thumba la jekete langa, anapezamo nyemba ija ili yonse. Anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kundipatsa dengu kuti ndikayambe kutola zitsononkho, popeza pulezidenti watsopano walamula ndipo chigafa cha amalume sichidikira.

Ndinatola zitsononkho nyengo imeneyo ndi zina zambiri zotsatira, nditavala jekete. Amalume sanandiyankhule mpaka fodya atauma. Kuyambira pamenepo, pakakhala chosankha chilichonse pamudzi, kaya mkulu wa mpingo kaya wosunga belu, anthu amabwera kudzandifunsa kuti ndikuona kuti apambana ndani. Ndimatsokomola, n'kuwauza moona mtima. Amathokoza kwambiri, n'kupita kukakonzekera winayo.