Malonjezo Obwereka a Bambo Merv

A Merv Halvorsen anayamba kuyendetsa basi ya ana asukulu kuno ku Brandon, m'chigawo cha Manitoba, ine ndisanabadwe. Anakulira pa famu ya tirigu cha ku Minnedosa, ndipo mpaka lero sataya chinthu. Waya, bawuti, chivindikiro cha botolo, zonse amati zidzagwira ntchito tsiku lina. Zamakompyuta anaziphunzira atakula kale, chaka chimene anawachita opaleshoni ya bondo n'kukhala pampando nyengo yonse yozizira. Anzawo akanangoonera masewero pa TV. Iwo anabwereka mabuku ku laibulale n'kuyamba kupanga timapulogalamu ta pafoni. Koyamba kanali kowakumbutsa kumwa mankhwala, kenako kolembamo nsomba zimene awedza pa madzi oundana.

Seva yawo, kompyuta imene imasunga zonse za timapulogalamuto, anaigula kwa dokotala wa mano amene ankatseka ofesi. Imakhala m'chipinda cha pansi pa nyumba, pa shelefu, pakati pa mabotolo a nkhaka za viniga ndi firiji ya nyama ya gwape. Akazi awo, mayi Arlene, amaitcha mkazi wamng'ono. "Ine ndingatsokomole mpaka kukomoka, satembenuka," amatero. "Koma uja angoti zii, muwaone bambo akutsika masitepe, bondo lachira."

Ine ndinawadziwa chifukwa cha mantha. Ndinafika mumsewu wawo ndi mwana wanga Brynn atangoyamba kuyankhula, tikuchokera ku Winnipeg komwe tinathawa bambo ake, Dustin. Khoti linamuletsa Dustin kutiyandikira, koma pepala siligwira munthu mwendo. Iye sadziwa tauni imene tili, ndipo n'chokhacho chimene chimandipatsa tulo. Ndinapeza ntchito yochapa zofunda kunyumba yosamalira okalamba, koma kumalo olerera ana kunali kodzaza. Chimene chinatsala ndi gulu la amayi a mumsewu mwathu amene amasinthana ana, lero kwa uyu, mawa kwa uyo. Gululo limayendera kapulogalamu ka a Merv. Umalembamo nthawi yosiya mwana, umaona kuti ali kwa ndani, ndipo amene akulera amaikamo zithunzi masana kuti mtima ukhale m'malo. Popanda kulowa m'menemo ndinalibe wondisungira Brynn, ndipo ntchito inali kuyamba Lolemba.

Nditakaika pafoni, kanaonetsa tsamba lija lofotokoza mmene asungire zinsinsi zathu, limene aliyense amangodina kuti wavomera. Ine sekondale ndinalekera panjira, koma chithawireni ndimawerenga chilichonse mpaka pansi. Tsambalo linati akhoza kupereka zokhudza ife kwa makampani ogwira nawo ntchito. Linati amatenga malo amene foni ili. Linati zonsezo zimasungidwa m'mayiko ena. Kenako, chakumapeto, linati amasunganso kukula kwa phazi langa kuti andithandize kusankha bwino.

Safunsa anadya phula. Ndinamuveka Brynn jekete, tinawoloka msewu.

Anatsegula ndi mayi Arlene. "Ndiwe Shaylene wa nyumba yobiriwira ija? Lowa msanga, tikutenthetsa msewu wonse. Merv! Kwabwera kasitomala, bwerani mudzayankhe mlandu!"

A Merv anatulukira ndi kapu ya khofi, munthu wamtali wowerama pang'ono, magalasi ali pamphumi. Ndinawapatsa foni.

"Bambo Halvorsen, makampani amenewa ndi ati? Nanga phazi langa mukulifuniranji?"

Anatsitsa magalasi, anawerenga, makutu n'kufiira. Mayi Arlene anasuzumira paphewa pawo, ndipo anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Ndinakopera kwa ogulitsa nsapato pa intaneti," a Merv anatero. "Kumene timaika timapulogalamuti kuti anthu azitenga, salola popanda tsamba limeneli. Ndinangosintha dzina. Aliyense amatero, mwanangu. Kampani kulibe. Kampani ndine, ndi kompyuta ili pansipa."

"Ndiye zalembedwazi n'zabodza?"

"Zabodza ayi. Zobwereka."

"Nanga zanuzanu zili pati?"

Anakanda m'mutu. "Tiye ukaone ndi maso ako."

Tinatsika, mayi Arlene atanyamula Brynn. Kompyutayo inali kulira pang'onopang'ono, kanyali kobiriwira kakuphethira. A Merv anaisisita pamwamba ngati galu wokalamba. "Zonse zili umu. Palibe chimene chimatuluka m'nyumba muno."

"Chithunzi cha mwana angachione ndani?"

"A m'gulu okha. Munthu ayenera kulowa ndi mawu ake achinsinsi."

"Nanga wina akatumiza linki ya chithunzicho kwa mchemwali wake?"

"Sichingatseguke." Kenako anabwereza mokayika: "Ndikukhulupirira kuti sichingatseguke. Arlene, tabweretsa foni yako, iwe suli m'gulu."

Anatumiza linki ya chithunzi china cha dzulo lake. Mayi Arlene anadina kamodzi, ndipo ana awiri a eni ake anatulukira pafoni, akuumba munthu wa chipale chofewa kuseri kwa nyumba.

Ndinawauza zimene anatiphunzitsa kunyumba yobisalako amayi othawa nkhanza, kuti chithunzi cha pafoni chimatha kunyamula malo amene anachijambulira. Ine sindinkadziwa kuti zimenezo amaziona pati, koma a Merv ankadziwa. Anachitsegula mkati, anapeza manambala, anawaika pa mapu. Kadontho kanagwera pa nyumba yachikasu ya pakona, ya Jolene, mtsogoleri wa gulu, komwe Brynn ankayenera kukhala Lolemba.

Pamenepo ndi pamene ndinawauza za Dustin. Ndinawauza kuti azichemwali ake amacheza ndi theka la Manitoba pa intaneti, ndipo chithunzi chimodzi chongodutsa m'manja awiri kapena atatu chingakwane. Ndinayankhula ndikuyang'ana mabotolo a nkhaka, chifukwa kuyang'ana anthu sindikanatha.

A Merv sanapepese ndi mawu ambiri. Anagwada ndi bondo lawo loipalo, anapisa dzanja kuseri kwa shelefu n'kusolola chingwe cha intaneti.

"Amayi a m'gulu aja akudyani amoyo," mayi Arlene anatero, koma osaseka.

"Andidye. Pita kwanu, Shaylene. Lamulungu masana ubwere, udzandiyese mayeso."

Loweruka lonse foni ya m'nyumbamo inali kulira. Mayi Arlene ankayankha onse mofanana: "Kapulogalamu kadwala. Imbiranani mafoni ngati mmene ankachitira amayi anu, simufa." A Merv anadzitsekera m'chipinda cha pansi. Ine ndinali pawindo langa, ndikuganiza kuti ndawononga chinthu cha anthu ndisanalowe n'komwe, ndiponso kuti mwina ndiimbe kuntchito ndinene kuti apeze wina.

Nditabwerera Lamulungu, anandikhazika pampando wawo n'kundionetsa chimodzichimodzi. Linki sinkatsegukanso kwa munthu amene sanalowe ndi dzina lake. Chithunzi chikangofika pa seva, kompyuta inkayamba yafufuta malo aja isanachisunge, ndipo pakatha mwezi chinkafufutika chokha. Anachotsa pamene pankafunsa tsiku lobadwa la mwana ndi dzina la bambo. "Ndinkazifunsiranji?" anatero. "Ndinangoona ena akufunsa. Chimene sunasunge, munthu sangakubere."

Panali zinanso ziwiri zimene ine sindikanaziganiza. M'kapulogalamumo anali ataikamo kachidutswa kaulere ka kampani ina, kowauza kapulogalamu kakasiya kugwira ntchito. "Ndinakuuza kuti palibe chotuluka m'nyumba muno. Kameneka kankatumiza mtundu wa foni yako ndi adiresi yake ya intaneti kwa anthu amene sindikuwadziwa. Ndakazula." China chinali kabokosi kamene amakoperamo zonse kuopa kuti seva ingafe. Kankakhala m'galaja, pafupi ndi chitseko chosakhoma, ndipo aliyense akanakatola akanawerenga. Tsopano kanali kokhomedwa ndi mawu achinsinsi, mofanana ndi seva yeniyeniyo.

Kenako anandipatsa tsamba latsopano. "Werenga mokweza. Pamene sukumva, wolakwa ndine, ndilembanso."

Linali lalifupi, losadzaza n'komwe nkhope ya foni kawiri. Linayamba chonchi: "Dzina langa ndine Merv Halvorsen, ndipo kapulogalamu aka ndinapanga ndekha. Ndimasunga dzina lanu loyamba, nambala ya foni, dzina limene mwasankha kumutchula mwana, nthawi zosinthana ndi zithunzi. Zonse zili pa kompyuta ya m'nyumba mwanga. Sindigulitsa kapena kupatsa munthu. Mukafuna kuti ndifufute zanu, ndiuzeni, ndifufuta pa seva ndi pa kabokosi kokoperamo." Pansi pake analemba zimene sangalonjeze. Analemba kuti iwo eni ake amatha kuona zonse, poti kompyuta ndi yawo. Kuti magetsi akazima kapulogalamu kamazimanso, choncho aliyense asunge manambala a anzake. Kuti khoti likalamula, adzapereka. Ndiponso kuti sangaletse munthu kujambula zimene zili pa nkhope ya foni yake n'kutumiza kwina.

Ndinaima pa mawu omalizawo.

"Chimenecho chandikanika," a Merv anatero. "Palibe kompyuta imene ingamange manja a munthu."

"Ndiye ndi nkhani ya pakamwa imeneyo," mayi Arlene anayankha kuchokera pa masitepe. "Ndawaitana onse, akubwera kudzamwa khofi. Usandiyang'ane choncho, mtsikana iwe. Ukapanda kunena wekha, ndani akunenere?"

Anabwera ndi ana awo, nsapato za chipale zitaunjikana pakhomo. Jolene analowa akudandaula kale. "Bambo Merv, mwatichita zotani? Amayi anga ku Alberta ankaona adzukulu tsiku lililonse, lero linki ikuwafunsa dzina. Akuti ndawatsekera dala!"

"Uwatumizire za ana ako pa foni yako, mayi," a Merv anatero. "Za ana a eni, ayi."

"Aa, kodi tasanduka banki?"

Ndinaimirira. Sindinanene zambiri. Ndinati Brynn ali ndi bambo amene khoti linamuletsa kutiyandikira, sadziwa kumene tili, ndipo nkhope ya mwanayu isatuluke mumsewu muno.

Jolene anandiyang'ana. "Ndiye bwanji sunanene poyamba, iwe? Ine ndi pakamwa pangapa ndikanakugulitsa osadziwa." Anatembenukira anzake. "Tamvani. Brynn sajambulidwa pamodzi ndi ana athu. Wojambula amujambule yekha, ndipo chithunzicho chipite kwa mayi ake basi. Bambo Merv, zimenezo mungazipange, kapena tikafunse kwa a nsapato?"

Nkhani ya nsapato inali itafika kale mumsewu monse, ndipo wofalitsa wake ankathira khofi ngati sakumva. A Merv anati azipanga asanadye chakudya chamadzulo, ndipo anazipangadi.

Ku laibulale kuli kagulu ka anthu opanga timapulogalamu mongokonda, ophunzira a ku koleji ndi madala opuma ntchito, ndipo a Merv sajomba. Ndinamva kuti nkhaniyi amainena okha kumeneko, phazi ndi zonse. Amawauza kuti asayambe ndi kulemba tsamba. Ayambe atsata chinthu chilichonse chimene munthu waika pafoni, aone kumene chikupita, amene angachione ndi tsiku limene chidzafufutike, ndiye alembe zimenezo m'mawu awoawo. Amawauzanso kuti seva ya kunyumba si yotetezeka chifukwa choti ili pafupi ndi firiji yako. Khomo limene watsegula kuti anzako alowere pa intaneti, mlendo amalionanso. "Ndipo mukamaliza," amatero, "musapatse mnzanu wodziwa makompyuta kuti awerenge. Mupatse munthu amene ali ndi choopa."

Lolemba lija ndinamusiya Brynn kunyumba yachikasu. Analira pang'ono, kenako anaona mphaka wa Jolene n'kundiiwala. Kuntchito anandionetsa makina ochapira, ndipo ndinapinda zofunda foni ili m'thumba la yunifolomu, ndikuigwiragwira. Chapakati pa m'mawa inanjenjemera. Chinali chithunzi cha Brynn yekha, atadzipaka yogati mpaka m'tsitsi, kumbuyo kwake khoma lopanda kanthu.

Mayi amene ankandiphunzitsa ntchito, a Corazon, anali pambali panga. Ndinawapempha kuti ndiwatumizire linki ayese kutsegula.

Anadina, anadinanso. "Ikundifunsa kuti ndine ndani. Foni yako yawonongeka, mwana iwe."

"Siyinawonongeke, mayi."

"Ndiye undionetsa mwanayo kapena ayi?"

Ndinawaonetsa pa foni yanga, ili m'dzanja langa. Anaseka za yogatiyo, n'kunena kuti makina achiwiri amaliza. Ndinapita kukaika foni mu loka yosungiramo zinthu zanga, ndinakhoma, ndipo ndinakoka ngolo ya zofunda kupita ku makinawo.