Tsitsi Langa pa Tsiku Lometa

Mkazi wanga anamwalira m'nyengo yokolola, dziko litangokhala zaka zochepa pa ufulu. Ndinali mphunzitsi wongochoka kumene ku koleji, ndipo ndinkakhala chikamwini kwawo kwa Malemia. Anandisiyira mwana mmodzi wamkazi, wosayamba sukulu.

Pamaliro sindinalire. Ndinavala suti, ndinaima chilili, ndipo anthu anandiyamikira ngati ndakhoza mayeso. Mkulu wina wa mpingo, amene mkazi wake anali moyo, wonenepa bwino, anandigwira paphewa nati, "Aphunzitsi, mwatisonyeza chitsanzo. Sukulu ndi yabwino ndithu." Anzanga a kuntchito ananenanso zomwezo. Palibe amene anafunsa ngati ndikugona tulo. Ndinawakhulupirira, ndipo misozi ikayandikira ndinkadzikalipira mumtima monga mmene ndinkakalipirira ana ochedwa m'kalasi. Koma mwana wanga anayamba kundizemba. Ndikamuitana ankabisala kumbuyo kwa amayi ake aang'ono, ndipo ndinaona kuti nayenso akundichoka.

Tsiku lometa litafika, abale onse anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Mlamu wanga, mchimwene wa malemu, ndiye anagwira lezala. Mkulu wa mpingo uja anabweranso panjinga kudzandinong'oneza kuti munthu wophunzira sachita nawo zachikunja, ndiponso kuti ana a sukulu angandiseke. Iye mwini anali ndi dazi lofika m'khosi, choncho panalibe chimene akanataya.

"Alamu, bwerani kuno," mlamu wanga anaitana. "Kapena tsitsi lanulo lili ndi setifiketi?"

Anthu anaseka pang'ono. Ndinayankha kuti chisoni chimakhala mumtima, osati pamutu. Mkulu uja anagwedeza mutu ngati wamva ulaliki.

Anameta onse, ndi mwana wanga yemwe. Lezala linamucheka kuseri kwa khutu, magazi n'kutuluka, koma iye anangoluma mano.

"Lira, mwanawe, zikupweteka," anatero amayi ake aang'ono.

"Ababa salira," anayankha.

Atamusambitsa anabwera n'kuima patali pang'ono ndi ine, kamutu kali mbee, akuyang'ana tsitsi langa lopesa bwino.

"Ababa, inu simunafedwe?"

"Ndafedwa, mwanangu."

"Nanga tsitsi? Amayi anali athu tokha?"

Ndinatembenukira kwa mlangizi wanga uja, mkulu wa mpingo. Anali kufunsa amayi ena ngati thobwa latsalako.

Ndinavula jekete n'kukhala pachitsa. Mlamu wanga anandithira madzi ndi sopo kumutu. Tsitsi litayamba kugwera pamaondo panga ndinalira, kulira konyansa, kwa mamina, kosayenera munthu wa ku koleji, ndipo ndinadzilola. Ndinali mnyamata wofedwa mkazi basi, ndipo zimenezo sizinali mlandu. Mwana uja anayandikira, anakwera pamiyendo panga, nayenso n'kutsegula kukamwa. Anali asanalire chimwalirire mayi ake. Tinalira awiri, iye atandigwira malaya zolimba. Mkulu wa mpingo anakankha njinga yake kulowera kumsewu, popanda womuperekeza.

"Lirani, alamu, koma mutu musagwedeze," anatero mlamu wanga. "Ndingakuduleni khutu, ndiye mwanayu muzimumva ndi chiyani?"