Masitepe Amene Ndinasiya ku Utale

Kwathu ndi ku Nsanama, koma imvi zinandimerera ku Utale, kuchikamwini. Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Zitseko, mawindo, ngolo za ng'ombe, zonse zinadutsa m'manja mwangamu.

Nyumba yathu inali pamtunda. Kuseri kwake kunali kotsetsereka kopita kudimba, kumene akazi anga ankalima mpiru ndi tomato. Mawondo atayamba kuwavuta, ankatsika chokhala, akugwira mizu. Ndinawakhomera masitepe a matabwa, chiswe n'kuwadya dzinja lisanathe.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, amagwira ntchito ku Joni. Ndiye anatumiza matabwa achilendo pa lole ya onyamula katundu. Akuti ndi utuchi wosakaniza ndi pulasitiki. Ndi olemera, ndipo ali ndi mizere pamwamba kuti phazi lisaterereke. Pafoni anati, "Ababa, awa chiswe sichilawa. Pangani chinthu cholimba. Inu ndi amayi muzitsikapo mpaka mudzagwire ndodo."

Mawuwo ndinawasunga.

Zitsulo ndinakagula ku Balaka, kwa mnzanga wakale, Myao wogulitsa zipangizo. Atandiwerengera machubu, anatulutsa katoni ya mabawuti.

"Amenewo bwezani," ndinatero. "Ndiwotcherera, miyendo ndikwirira mu simenti."

Anaseka mpaka kugwira chipewa. "Achimwene, inu ndi mkamwini. Mkamwini amamanga ndi mabawuti. Tsiku likafika, sipanala m'manja, kumasula, kukweza pangolo."

"Ana anga ndi akuluakulu. Wondichotsa ndani?"

"Tonde wobwereka aliyense amatero."

Mabawutiwo sindinagule.

Ndinayeza kutsetsereka ndi chingwe, levulo yoonera kulingana n'kutenga ndi paipi yamadzi. Masitepe ayenera kulingana onse, chifukwa phazi limaphunzira poyamba, kwinako limangokhulupirira. Ndinawachita afupiafupi, a munthu wodwala mawondo. Ndinakumba maenje akuya, n'kuimika miyendo, n'kuthira simenti. Magetsi kulibe kumeneko, ndiye jenereta inalira masiku angapo, nkhuku n'kuthawira kwa aneba. Nditamaliza kuwotcherera ndinapala ndi galayinda, makina opalira ndi kudulira zitsulo, n'kupaka penti yofiira yoletsa dzimbiri, yakuda pamwamba.

Matabwawo safuna msomali. Umaboola kaye, n'kumanga ndi masikuluwu. Pakati pa thabwa ndi linzake ndinasiya kampata, chifukwa dzuwa la Okotobala ku Utale limawafufumitsa, ndipo akapanikizana amapindika. Chogwirira cha m'mbali sindinachiyeze ndi tepi. Ndinaimika akazi anga pomwepo, n'kulemba ndi choko pamene dzanja lawo linafika.

"Mukundiyeza ngati telala," anatero. "Diresi lake lili kuti?"

"Tsikani tione."

Anatsika ataimirira, ndowa m'manja. Atafika pansi anatembenuka, n'kukweranso popanda chifukwa.

Alamu anga, mchimwene wa akazi anga, amene ndi mwini mbumba, anabwera kudzaona. Anakhala pa sitepe yapamwamba ndi chikho cha thobwa. "Alamu, mwatikongoletsera mudzi. Ngati kuhotela." Ndinamva kuti akuyamika. Mawu oti "mwatikongoletsera" sindinawaganizire.

Akazi anga sanatsikepo nthawi yaitali. Anadwala pokolola, n'kutisiya kusanatenthe.

Za kusudzula ndinkazidziwa kuyambira ndili mnyamata. Mkazi akamwalira, akwawo amamasula mwamunayo kuti abwerere kwawo. Koma masiku ano nthawi zambiri amangonena pakamwa. Ana akati bambo athu sachoka, nkhani imathera pompo. Ndinaonapo amuna ambiri atsala choncho. Sindinaope. Mwana wanga anali atabwera kuchokera ku Joni, ndipo azing'ono ake onse amamvera iye.

Tinakhala pamkeka kukhonde. Ankhoswe anga anachokera ku Nsanama. Alamu anayankhula modekha.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino. Palibe mlandu. Tikukumasulani, mukapume kwanu."

Ankhoswe anga anafunsa funso limene ndinkadikira. "Tamva. Nanga ana akuti bwanji?"

Mwana wanga anayang'ana mkeka. Anakonza chitenje pabondo. Kenako anati, "Zimene anena amalume."

Pamsonkhano wotere mkamwini sayankha.

Anthu atabalalika ndinapita kuseri. Mwana wanga anandipeza nditakhala pamasitepe, iye n'kukhala pansi pang'ono.

"Ababa, mundimvetse. Ine ndili kutali. Ndikatsutsana ndi amalume, malowa apatsa ana a amayi aang'ono. Agwirizana kuti nyumba ikhale yanga, msuweni wanga azindisungira."

"Munakambirana liti?"

"Amayi ali kuchipatala."

Nthawi imeneyo ine ndinkagona pakhonde la chipatala, ndikuwaphikira phala.

"Unati ine ndi amayi ako tizitsikapo."

"Amayi kulibe, ababa."

Ndinaimirira. Panalibe china chofunsa.

Tsiku lonyamuka ndinakweza makina owotcherera, jenereta ndi bokosi la zipangizo pangolo imene ndinapanga ndekha. Alamu anaima pambali, manja kumbuyo.

"Alamu, chanu chilichonse tengani, anthu asamati tinakulandani. Ngakhale masitepewo, ngati angachoke."

Ankadziwa kuti sangachoke. Anaona ndi maso awo simenti imene ndinathira.

Galayinda inali pamwamba m'bokosi, mafuta mu jenereta analimo. Kudula miyendo ija sikukanatenga nthawi yowiritsa tiyi. Ndinapita kuseri, onse akundiyang'ana. Ndinatsika mpaka kudimba. Mpiru unali utauma. Ndinakwera nditagwira chogwirira, chimene kwa ine n'chachifupi. Sitepe iliyonse inali phee, osagwedera.

"Iyayi," ndinawauza alamu. "Ntchito yanga sindidula."

Ndinakwera pangolo.

Tsopano ndimakhala ku Nsanama, kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga. Ndimawotcherera makaliyala a njinga za kabaza pafupi ndi msika. Ku Balaka ndimapitabe kukagula zitsulo. Mnzanga uja sanatchulepo za mabawuti, ndipo ndimamulemekeza pa chimenecho.

Mwana wanga amaimba foni. Amafunsa za thupi, ndimati lili bwino. Amafunsa za mvula, ndimamuuza. Ulendo wathawu anati msuweni wake wanena kuti thabwa limodzi pamasitepe layamba kugwedera.

"Ababa, mwina mukanapita mukaone."

Ndinamuuza mtundu wa sikuluwu ndi kutalika kwake. Ndinati asamange mopitiriza, ndipo kampata kaja asatseke.

"Basi, ababa?"

"Basi."