Tambala Wozondoka

Mpaka lero ndikaona tambala wakuda mtima umandiwawa. Ndimakwiyira anyamata a chipani aja, komanso, Mulungu andikhululukire, ndimakwiyira amuna anga ndi pakamwa pawo posatseka.

Iwo anali wojambula zithunzi, ndipo anali ndi kasitudiyo pafupi ndi msika wa Mangochi. Tsiku la Idi ndinanyamula tambala wathu wakuda kupita naye kwa ashehe kuti akamuchinje, poti ife Asilamu sitidya nkhuku yongophedwa chisawawa. Ndinamugwira miyendo, mutu uli pansi, mpeni kudzanja linali. Nanga nkhuku amainyamula bwanji? Amuna anga anandijambula ndikuseka, chithunzicho n'kuchipachika pazenera la situdiyo.

Tinaiwala kuti tambala wakuda ndiye anali chizindikiro cha chipani.

Anyamata a malaya ofiira anabwera ine ndili pomwepo, anthu a mumsika n'kuunjikana.

"Bambo, tambala wa chipani mwamuzondotsa chifukwa chiyani?" anafunsa wamkulu wawo.

M'malo mopepesa, amuna anga anayamba nthabwala zawo. "Sanazondoke ameneyu, mabwana. Akuyang'ana pansi kuti aone ngati anthu ake tikulima bwino."

"Nanga mpeniwo?"

"Akazi angawa ndi mlonda wake. Mdani ayerekeze kuyandikira!"

Ndinawatsina pamkono, koma iwo osamva. Anali atawona kuti anthu akubisa kukamwa ndi manja, ndipo munthu uja akapeza anthu oti awaseketse sankadziwa polekezera.

"Tambalayo ali kuti tsopano?"

"Tinamudya, mabwana. Ena chipani amangochinyamula pakhadi, koma ife chinalowa m'magazi."

Msika wonse unaphulika ndi phwete. Kuseka kumeneko ndi kumene kunawamangitsa amuna anga. Anthu omwewo, galimoto yodzawatenga itabwera, aliyense anabwerera ku usipa wake ngati sanaonepo kanthu. Amantha! Palibe ngakhale mmodzi amene anati munthuyu amangocheza. Ine ndinatsala ndi mimba yoyamba, anansi osayerekeza n'kundipatsa moni komwe, zonsezi chifukwa cha nkhuku yathu yomwe, yoleredwa ndi gaga wathu.

Anawamasula mwana atayamba kuyenda. Anabwera alibe mano akutsogolo, ndipo zimene anawachita kumeneko sanandiuzepo.

Situdiyo anaitsegulanso, koma ankangojambula zithunzi za ziphaso basi, nkhope ndi mapewa. Ndinkawamva ndili kuseri kwa katani, munthu amene kale ankaseketsa ndi anamfedwa omwe, akuuza kasitomala aliyense ndi mawu otsika:

"Yang'anani kuno. Musaseke."