Katundu wa Touhami Sanakhudzepo Matope

Mukaona mphuno yangayi italoza kumanzere, musaganize kuti ndinabadwa nayo choncho. Ndi ntchito ya manja a msuweni wanga Touhami. Tinali pamalo omwera tiyi m'mudzi mwathu, kumtunda kwa tawuni ya Ain Draham, mvula ikukhuthuka monga imachitira kwathu kuno. Ine pofuna kuseketsa anthu ndinati, "Paja chaka chija thumba la ufa linakupulumuka pa Khwawa la Nguluwe, eti a Touhami?" Anangotola thileyi yachitsulo, matambula ali pomwepo, n'kundiphwanya nayo kumaso. Ndinadzuka pansi ndikulavula magazi, iye ali phee, akuitanitsa tiyi wina.

Linali bodza ndithu. Kuyambira unyamata wake Touhami ankanyamulira anthu katundu pa nyulu: makungwa a mitengo kutsika nawo, ufa, mafuta ndi simenti kukwera nazo, m'tinjira toti galimoto siyerekeza n'komwe. Munda wooneka analibe, kumzikiti ankapita mwa apo ndi apo, ndipo mkazi wake anamwalira atatopa nawo mtima wapachalawo. Chake chinali chimodzi basi: katundu wake sanakhudzepo matope. Ukamutukwana zina mwina ukanapulumuka, koma osati pa nkhani imeneyo.

Luso lake linali paphewa. Njira zathu zimadula m'mbali mwa phiri, kumtunda thanthwe, kumunsi phompho. Nyulu ikaterereka, katundu n'kupendekera kuphompho, Touhami ankalumphira kumunsiko, n'kulowetsa phewa pansi pa katunduyo, n'kukuwa mpaka mitsempha ya pakhosi kutuluka. Nyuluyo ikamva kuti yapepukidwa inkakumba ndi ziboda, n'kupeza popondera, ulendo n'kupitirira. Bambo ake anamuphunzitsa zimenezi ndi ndodo, ndipo phewa lake lamanja linatsika n'kuuma ngati chikumba chakale.

Nyulu yake yomaliza, Zarga, inaphedwa ndi nguluwe. Chinguluwecho chinavumbuluka m'tchire n'kuing'amba mimba mpaka matumbo kulendewera. Touhami anachithamangira ndi nkhwangwa. Chinamuboola ntchafu, iye anachitema pamutu, n'kuchitemanso, n'kupitiriza kuchitema chitafa kale mpaka mutu kusanduka phala. Zarga inali idakaimirira, ikunjenjemera, matumba awiri a shuga ali pamsana. Anayamba wamasula matumbawo n'kuwapachika pa nthambi, kenako anaigoneka n'kuidula khosi. Anafika m'mudzi atasenza shugayo yekha, nsapato itadzaza magazi, ndipo sanalole munthu kumulandira.

Nyulu zabwino masiku ano n'zosowa, ndipo ukwati wa mwana wake Sawsen unali pafupi. Mkamwini amagwira ntchito kunja, tchuthi anachipeza m'nyengo ya mvula. Kwathu kuno katundu wa mkwatibwi amapita kwa mwamuna masana, mudzi wonse ukuona, amayi akuimba nthungululu. Touhami akanalola bwanji kuti katundu wa mwana wake anyamule munthu wina? Anagulitsa ng'ombe n'kundiuza kuti ndimuperekeze ku Jendouba kukagula kwadi, njinga yamoto ya matayala anayi ija. Mphuno inali itapola kale, ndipo magazi amodzi sakanana.

Pabwalo la Mongi, wogulitsayo, panali ziwiri zoti n'kusankhapo. Ina yobiriwira, yaifupi, yotakata, yokhala ndi chingwe chachitsulo chodzikokera nacho ikatitimira. Inayo yofiira, imene mwini wake wakale anaikweza n'kuiveka zimatayala zikuluzikulu pofuna kudzionetsa kwa alenje.

"Kumapiri kwanuko, a Touhami, tengani yobiriwirayi," anatero Mongi. "Imakoka ndi matayala onse, ndipo siipendeka wamba."

Touhami sanamve. Anagwada n'kusuzumira kumimba kwa yofiirayo, n'kuyeza ndi mkono kuchoka pansi. Anaiponda matayala, anaigwedeza, anaimenya mbama pampando kuti aone ngati idzidzimuke.

"Mano muiyang'anenso, msuweni," ndinatero ine, nditaima patali ndithu.

"Tseka pakamwa, Lazhar. Iwe Mongi, kagalu kobiriwira kafupi miyendo aka kapita kuti m'matope? Kakakwawa ndi mimba. Nyama ya matope imafunika yaitali miyendo."

"Imeneyo si nyama, bambo. Ndi yaitali, inde, pathyathyathya idzakuolotsani. Koma pambali pa phiri, mutaunjika katundu pamwamba, idzakugonekerani pansi zonsezo. Mudzatola katundu wa eni ake m'matope."

Ndinatseka maso. Ndinangomva phaa! Potsegula, Mongi anali chagada m'chithaphwi cha oyilo, mlomo utang'ambika, Touhami atamuponda pachifuwa.

"Bwerezanso. Katundu wa ndani?"

"Tengani yofiirayo, Haji! Tengani, ndi yanu!"

Touhami sanapiteko ku Haji, ulendo wopatulika uja wa Asilamu, koma munthu ukapondedwa pachifuwa umapereka ulemu wonse umene uli nawo.

Chinthucho anachizolowera msanga, ndisaname. M'madambo chinkang'amba matope n'kumawaza anthu, iye ali nganganga pamwamba, ndodo ya Zarga itapanidwa kukhwapa. Chikazima ankachikwapula ndi ndodoyo mpaka magetsi onse akutsogolo anaphwanyika. Katundu ankamanga monga ankamangira pa nyulu, kuunjika m'mwamba, chingwe kuzungulira, mfundo kumanzere. Ndinkati ndikaona mulu umenewo ukugwedera, ndinkafuna kumuchenjeza, koma mphuno ndinali nayo imodzi yokha.

Tsiku lonyamula katundu linafika mvula itagwa sabata yathunthu. Mabulangeti, mapoto ndi matiresi zinapita bwinobwino m'mawa. Inatsala kabati yaikulu ya galasi, imene mayi ake a Sawsen anasiya.

"Baba," anatero Sawsen, "kabatiyi anyamule amuna pamanja. Alipo ambiri. Njira ya pakhwawa yaonongeka."

Touhami anatenga mtsuko umene unali pakhomo n'kuuphwanyira pakhoma, pafupi ndi mutu wa mwanayo. "Ine ndili moyo, kabati ya mayi ako anyamule anthu ngati maliro? Bweretsani chingwe!"

Anaiimika kumbuyo kwa kwadi n'kuimanga. Tinanyamuka, iye patsogolo pang'onopang'ono, ife amuna pambuyo, amayi ndi nthungululu zawo kumapeto.

Pa Khwawa la Nguluwe njira inali itadyeka kumunsi. Tayala lakumbuyo linatitimira, akumtunda awiri ananyamuka, kabati inayamba kuwerama kuloza kuphompho. Aliyense amene anakwerapo kwadi adzakuuzani kuti zikatero umadziponya kumtunda, chitsulo n'kuchisiya chipite. Touhami analumphira kumunsi. Analowetsa phewa pansi pa kabati, mapazi n'kuzika m'matope, n'kukuwa mfuu ija ankakuwira Zarga.

Anadikira kuti ipeze popondera. Ndinamuona ndi maso angawa akudikira. Koma chitsulo chilibe ziboda. Chinangobwera chonse, injini ikulira, n'kumukhalira m'chiuno ndi m'miyendo. Mafupa anathyoka momveka, amayi nthungululu n'kusanduka kulira. Tayala lina linkazungulirabe, likumusenda ntchafu inabooledwa ndi nguluwe ija mpaka nyama yoyera kuoneka. Koma kabati inali paphewa pake, manja onse ataikumbatira.

Ndinatsetserekera pomwepo n'kumugwira m'khwapa kuti ndimukoke. Anandiluma dzanja mpaka mano kukumana ndi fupa.

"Kabati, galu iwe! Yamba kabati!"

Wina anazimitsa injini. Tinadula zingwe, amuna n'kuinyamula kukwera nayo panjira, galasi lili lamphumphu. Itangochoka, Touhami anafooka, kwadi n'kumaliza kumugudubuzikira pachifuwa, n'kupitirira mpaka pansi pa khwawa, kumene ili mpaka lero.

Tinamukweza panjira. Magazi ankatuluka m'kamwa ndi m'mphuno, kupuma kwake kukumveka ngati madzi akuwira. Kabati inali itaimikidwa pa bulangeti pambali pake. Mwendo umodzi wakumbuyo wa kabatiyo unali ndi matope, chibuma chonenepa ndithu. Ndinachiona, Sawsen anachionanso. Anavula mpango wake wa ukwati, n'kupukuta mwendowo msangamsanga, n'kubisa mpangowo m'manja bambo ake asanatembenuze mutu.

"Yakhudza?" anafunsa Touhami.

"Siinakhudze, Baba."

"Lazhar, mwanayu amandiopa. Nena iwe."

"Siinakhudze, msuweni. Yauma gwa."

Anatseka maso. Anthu anazula chitseko cha khola lapafupi n'kumugonekapo kuti titsike naye kumsewu. Ine ndinagwira kumunsi, mbali ya phompho. Tili pakati pa njira anatsegula diso limodzi n'kunena kuti, "Ukandigwetsa, ndikuwongola mphunoyo." Sanayankhulenso. Pofika kumsewu anali atazizira, ndipo ndinalira mokweza ngati mwana, ine amene ndinkamutukwana mumtima zaka zonsezo. Ndinkadana naye munthu ameneyu, ndipo ndimamusowa koopsa.

Ukwati unachitika patapita miyezi, mwakachetechete. Kabati ili m'nyumba mwa Sawsen. Amene amayenda m'njira zathu tsopano ndi mphwake wa Mongi, pa yobiriwira ija, ndipo siinapendekepo.

Mwezi wathawu mphwakeyo anakhala nafe pomwera tiyi, mvula ikugwa. Ndi munthu wabwinobwino, wa ana ake. Pocheza anati, "Koma amalume a Lazhar, akuti tsiku lija kabati inagunda pansi ndithu. Amene ananyamula akuti anaona matope."

Thileyi inali patebulo, matambula ali pomwepo. Mphuno yake tsopano inaloza kumanja.